Kabokosi Katsopano, Mawaya Akale a M'khoma

 Lero ndikufuna ndicheze makamaka ndi abale athu amene ali ku Britain, kaya ndi ku Leeds, ku Manchester, ku Luton kapena ku Glasgow, amene mukukhala kapena kugwira ntchito m'nyumba zokhala ndi lamya ija ya nthambo yolowa kukhoma. Ambiri mwa inu mumasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo chinthu chikavuta m'nyumbamo, agogo amayamba ayang'ana inu asanaimbire ana awo. Ndiye nkhaniyi ikukukhudzani, ngakhale nyumbayo isakhale yanu.

Makalata anafika kale m'makomo ambiri. Kampani ya BT ikutseka lamya za mtundu wakale. Poyamba inati ntchitoyi idzatha mu Disembala 2025, koma mu Meyi 2024 inasuntha tsikulo kufika kumapeto kwa Januwale 2027. Openreach, imene imayang'anira nthambo za m'misewu ndi za pamapolo, inasiya kugulitsa layini zatsopano za mtundu wakalewo m'dziko lonse kuyambira mu Seputembala 2023. Tsopano mawu a munthu akuyenda pa intaneti. Nambala ikhala yomwe ija, foni ikhoza kukhala yomwe ija, koma pulagi yake ikuchoka kukhoma n'kukalowa kumbuyo kwa rauta, kapena m'kabokosi kokwana m'chikhatho kamene amisiri amakatchula kuti ATA, enafe timangoti adaputa.

M'fulati ya zipinda ziwiri zimenezi sizivuta. Mwazula apa, mwalowetsa apo, basi. Mutu umaima m'nyumba yaikulu, yosanja, imene eni ake anaikamo masoketi a foni pabalaza, kukhitchini, m'kanjira ka pamwamba, pambali pa bedi la agogo, mwinanso ku garaja. Tsiku losintha likafika, masoketi onse aja amangoti zii. Foni imodzi yokha ndiyo ikulira, ija ili pansi pafupi ndi rauta, pamene mwini nyumba wa zaka 85 ali pamwamba, mawondo akukana masitepe. Funso limene anthu amafunsa ndi lakuti: kodi kabokosi kameneka sikangadyetse mawaya onse amene ali kale m'makoma, kuti mafoni onse alirenso? Yankho ndi lakuti kangathe, ndipo ine ndimaona kuti ndi chinthu chabwino kuchita. Mawaya a mkuwa amene ali m'khomamo sanalakwe chilichonse. Koma pali zoyenera kudziwa musanalowetse pulagi, chifukwa ntchito imene kale inkagwiridwa ndi kampani tsopano yatulidwa pakhomo panu.

Tiyambe ndi mmene lamya yakale inkagwirira ntchito. Kuchokera ku ekisichenji, nyumba ija yodzaza makina ndi mabatire akuluakulu, kunkabwera mawaya awiri okha mpaka pakhomo. Mawaya awiriwo ankanyamula magetsi a mavoliti pafupifupi 50 usana ndi usiku. Wina akakuimbirani, ekisichenji inkatumiza magetsi ena amphamvu, mavoliti pafupifupi 75, amene ankaliza belu. N'chifukwa chake foni ija sinkafuna magetsi a m'nyumba. Amene tinakulira kwathu m'nyumba za lamya tikukumbuka bwino: magetsi azima mtauni yonse, anthu akufunafuna makandulo, koma lamya ikulira bwinobwino. Tsopano zonse zimene inkachita ekisichenji zikuchitidwa ndi kabokosi kaja. Ndi komweko kamene kamatulutsa kaphokoso kaja mumamva mukangonyamula foni, ndi komweko kamene kamapereka magetsi m'mawaya, ndi komwekonso kamaliza mabelu. Mwalowetsa ekisichenji yaing'ono m'nyumba.

Apa ndiye pali lamulo loyamba, ndipo ngati muiwale zina zonse, ili lokha musaliiwale. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ngati mawaya a m'nyumba akadali olumikizidwa ku nthambo ya kunja, ndipo inu mwalowetsamo adaputa, ndiye kuti magetsi a kabokosi akumana ndi magetsi a kunja pa mawaya omwewo. Kabokosi kakhoza kupsa nthawi yomweyo. Ena amati, "Aa, layini yathu anaidula kale, mukanyamula foni simukumveka kanthu." Musadalire zimenezo. Layini ikhoza kukhala chete koma ili ndi magetsi. Ikhozanso kukhala yopanda magetsi lero, mawa mmisiri akugwira ntchito m'kabati ya pamsewu n'kuilumikizanso osadziwa. Ndipo nthambo yaitali yopita kumapolo imatola mphamvu ya mphezi n'kuibweretsa m'nyumba. Choncho mawaya a m'nyumba ayenera kulekanitsidwa ndi a kunja, kulekanitsa kooneka ndi maso.

Ku Britain malo olekanitsira ndi soketi yaikulu, imene imakhala pamene nthambo yalowera m'nyumba, kawirikawiri m'kanjira ka pakhomo kapena pansi pa windo la pabalaza. Amisiri amaitcha NTE5. Muizindikira chifukwa nkhope yake ili pawiri, ndipo pamakhala dzina la BT kapena la Openreach. Gawo la m'munsi ndi chivindikiro chimene chimachoka: pa zakale mumamasula masikuluu awiri, pa zatsopano mumangofinya m'mbali n'kukoka. Kokani pang'onopang'ono, chifukwa pa zakalezo kumbuyo kwake kwalendewera timawaya topyapyala. Mukayang'ana bwino muona manambala. Pa 2 pali waya wabuluu wa timizere toyera, pa 5 pali woyera wa timizere tabuluu, pa 3 pali wa olenji. Amenewa ndiwo amapita kumasoketi ena onse a m'nyumba. Pa gawo limene latsala kukhoma muona kabowo ka pulagi, koyesera layini. Chivindikiro chija chikangochoka, nyumba yalekana ndi kunja. Anachipanga dala motero.

Malire ndi omwewo. Kuyambira pa gawo lotsala kukhoma kupita kumsewu, zonse ndi za Openreach, ndipo simuyenera kuzimasula kapena kuzidula. Kuyambira pa chivindikiro kulowa m'nyumba, mawaya ndi a mwini nyumba. Chimene chimachitika n'chakuti timawaya ta pa 2, pa 5 ndi pa 3 timachotsedwa pa chivindikirocho n'kulumikizidwa pa soketi ina yatsopano yoima payokha, ndipo adaputa imalowa m'soketi yatsopanoyo. Kenako tengani kachipangizo koyezera magetsi, multimeter, muyeze pakati pa 2 ndi 5 pa soketi iliyonse ya m'nyumba adaputa isanalowe. Ikasonyeza ziro, njira yayera. Ikasonyeza mavoliti 40 kapena 50, imani pomwepo, pali pena pamene nyumba ikadagwirana ndi kunja. Nyumba zakale zazikulu zimakhala ndi zimenezi: layini yachiwiri imene anaikitsa nthawi ya fakisi, kapena waya amene wina anaba kumbuyo kwa soketi yaikulu zaka makumi atatu zapitazo.

Ndichenjeze pa chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Si nyumba zonse zimene zinalandira faiba mpaka mkati. Ngati muli ndi kabokosi koyera ka faiba kokhomedwa kukhoma, nthambo ya mkuwa ija yapuma ntchito ndithu. Koma m'nyumba zambiri faiba imathera m'kabati yobiriwira ya pamsewu, ndipo intaneti imamaliza ulendo wake pa mawaya a mkuwa omwe aja, kudzera pa soketi yaikulu. Pamenepo rauta iyenera kukhalabe pa soketi yaikuluyo, ndipo mawaya a m'zipinda okha ndiwo achoke. Mukasokoneza apa muzimitsa intaneti ndi foni yomwe. Ndipo ngati rauta inali pa soketi ya m'chipinda china, iyenera kusamuka, kapena mmisiri agwiritse ntchito mawaya ena awiri otsala m'nthambo yomweyo, pakuti nthambo zambiri za m'nyumba zimakhala ndi mawaya anayi kapena asanu ndi limodzi.

Abale a ku America anayamba kale kuchita zimenezi, m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, pamene kampani ya Vonage inkatumiza timabokosi totere m'makomo. Kumeneko malire amakhala panja, m'bokosi lotuwa lokhomedwa kukhoma, lotchedwa NID. Amatsegula mbali ya mwini nyumba, kuzula kapulagi kamodzi, kukakulunga ndi tepi, n'kusiya kapepala kolembedwa kuti wina asadzalowetsenso. Kapepala kameneko ndi nzeru yoyenera kutengera. Inunso lembani, muike m'soketimo, chifukwa amene adzatsegule pambuyo panu sakudziwa zimene munachita.

Tsopano waya wa olenji uja, wa pa 3. Masoketi a mtundu umene muli nawo ku Britain anayamba mu 1981, ndipo anawakonza kuti kapasita imodzi ya m'soketi yaikulu izitumiza magetsi a belu pa waya wachitatuyo kupita kumafoni onse. Adaputa imatulutsa mawaya awiri okha. Zotsatira zake n'zakuti foni yakale imatha kuimba, mawu akumveka bwino, koma wina akakuimbirani siilira. Anthu amataya mafoni abwinobwino chifukwa cha zimenezi. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: soketi yatsopano ija ikhale ya mtundu wokhala ndi kapasita, kapena gulani kapulagi kosinthira kamene kali ndi kapasita mkati. Mafoni ambiri a masiku ano safuna waya wachitatuyo, koma foni imene agogo anaizolowera, ya mabatani akuluakulu ija, mwina ndi imene ikumufuna.

Tifike pa funso la nyumba yaikulu lenileni: mafoni angati? Ambiri amaopa kutalika kwa mawaya, koma si pamene pali vuto. Layini yakale inkayenda makilomita angapo kuchokera ku ekisichenji. Mamita zana limodzi a m'nyumba si kanthu kwa adaputa yabwino. Chimene chimalemera ndi mabelu. Tembenuzani foni iliyonse, muyang'ane kunsi. Muona zilembo zitatu, REN, ndi nambala. Nambalayo ikunena kuchuluka kwa mphamvu imene foniyo imadya ikamalira. Foni wamba ya nthambo imakhala ndi 1. Layini ya BT inkanyamula zokwana 4 mukaphatikiza zonse, ya ku America 5. Maadaputa amasiyana: ena amalonjeza 5, ena 3, ena 2 yokha, ndipo nambalayi imalembedwa m'kabuku kake. Ndiye yendani m'nyumba monse ndi pepala, muphatikize. Osaiwala belu lija lokhomedwa panja kapena m'khitchini, limene eni nyumba anaikitsa kuti azimva ali kumunda wa maluwa. Mabelu achitsulo otere ndiwo amadya kwambiri. Mukapitirira muyeso, palibe chimene chimaphulika. Mafoni amangolira mofooka, ena amangoti tswii kamodzi n'kusiya, ena salira n'komwe, ndipo nthawi zambiri yoyamba kukhala chete ndi ya kutali, ya kuchipinda kwa munthu amene akuifuna kwambiri. Mukhoza kuzula mafoni a m'zipinda zosagonamo anthu, kapena kusintha ena ndi opanda nthambo, amene amalira ndi magetsi a kukhoma ndipo salemetsa layini. Kulinso kachipangizo kowonjezera mphamvu ya belu, kwa amene akufunadi mafoni asanu ndi awiri.

Mawaya enieniwo nawo amafuna kuwayendera. M'nyumba zina nthambo iliyonse imachokera pamalo amodzi kupita kuchipinda chake. M'nyumba zina, makamaka zakale, nthambo imachoka pa soketi iyi kupita pa inayo, kuchoka apo kupitanso pa ina, mondondozana. Pamenepo waya akaduka pakati, onse a kutsogolo afa. Chinyontho ndiye mdani wamkulu. Tsegulani soketi ya kukhitchini kapena ya ku garaja, muona mkuwa wasanduka wobiriwira, ndipo ndi umenewo umabweretsa kuthetheka ndi kulira kwa mmm m'makutu. Njira yake ndi kuleza mtima. Yambani ndi foni imodzi yolowetsedwa m'adaputa mwachindunji, muimbe, muimbiridwe. Zikatheka, lumikizani nyumba, mafoni onse atazulidwa. Kenako lowetsani imodziimodzi, uku mnzanu akuimba ndi foni ya m'manja, inu mukuyenda chipinda ndi chipinda kumvetsera. Pamene phokoso layambira, kapena pamene belu lafookera, vuto lili pomwepo.

Ngati adaputa mwagula nokha, ya Grandstream kapena ya Cisco, kumbukirani kuti zambiri zimabwera zitakonzedwera ku America. Muiuze kuti ili ku Britain, apo ayi kaliridwe kakhala kachilendo, nambala ya woimba siioneka, ndipo muzimva mawu anu akubwerera. Foni yakale yozungulitsa ndi chala ija, si adaputa iliyonse imene imamva chinenero chake.

Wina anena kuti, bwanji osangogula mafoni opanda nthambo anayi kapena asanu, n'kuiwala za m'khoma? Ndi njira yabwino ndithu, ndipo ngati mawaya awola kapena nyumba ndi ya lendi, ndi imene ndingakulangizeni. BT imaperekanso timaadaputa tolowetsa pa soketi ya magetsi, tolankhulana ndi rauta popanda waya. Koma mafoni amenewa amafika mamita ngati 50 m'kati mwa nyumba, ndipo makoma a miyala a nyumba zakale za ku Yorkshire kapena ku Scotland amadula mtundawo kwambiri. Komanso ganizirani munthu amene maso akuchepa, manja akunjenjemera, kapena wayamba kuiwalaiwala. Foni yopanda nthambo imasowa m'mabulangete, imatha moto, ili ndi batani lobiriwira ndi lofiira zoti azikumbukira. Ya nthambo ili pamene inali dzulo ndi dzana, ndipo dzanja lake limaidziwa ngakhale mumdima. Kwa munthu wotere, kusunga foni yake pamalo ake si nkhani yaing'ono, ndipo n'chifukwa chake ndimati mawaya a m'khoma ndi oyenera kuwavutikira.

Koma pali chinthu chimene kabokosi sikangabweze, ndipo apa ndikufuna mumvetsere bwino. Magetsi akazima, rauta yazima, adaputa yazima, mafoni onse a m'nyumba afa nthawi imodzi. Mu Novembala 2021, namondwe wotchedwa Arwen anagwetsa mitengo ndi mapolo kumpoto kwa England ndi ku Scotland, ndipo mabanja ena anakhala opanda magetsi kupitirira sabata. Amene anali atasinthidwa kale anapeza kuti lamya siikugwira, pamene m'madera ena mafoni a m'manja nawo anali atasowa netiweki. Mu Malichi 2022 BT inaimitsa kaye ntchito yosintha anthu, itamva madandaulo. Bungwe la Ofcom linanena kale mu 2018 kuti makampani ayenera kukhala ndi njira yoti munthu athe kuimba 999 kwa ola limodzi kapena kuposa magetsi atazima, ndipo aipereke kwaulere kwa amene amadalira lamya ya m'nyumba. Ola limodzi, abale anga, ndi lochepa. Ife amene tikudziwa kuzima kwa magetsi kwa tsiku lathunthu sitifunika kuuzidwa. Komabe ndi ufulu wa agogowo, ndipo ambiri sadziwa kuti ulipo. Imbirani kampani, muwauze kuti m'nyumbamo muli munthu wokalamba kapena wodwala, wopanda foni ya m'manja kapena wokhala kumalo kumene netiweki imavuta, mupemphe batire. Ngati banja lingakwanitse, ligule batire lokulirapo, lotchedwa UPS, ndipo pa batirelo palowe zonse zitatu: kabokosi ka faiba, rauta ndi adaputa. Chimodzi chikatsala, zinazo n'zopanda ntchito. Siteshoni ya mafoni opanda nthambo nayo imafuna magetsi, choncho foni imodzi ya nthambo isasowe m'nyumba.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi kabatani kofiira kaja kamene okalamba amavala m'khosi kapena pamkono. Anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka ku Britain amadalira timabatani timeneti. Munthu akagwa kubafa, amadina, kabokosi kake kamaimba pa lamya kupita kwa oyang'anira. Timabokosi tambiri takale tinapangidwira layini yakale, ndipo timalankhula ndi timaphokoso timene intaneti nthawi zina imatipotoza. Kakhoza kugwira lero, mawa n'kulephera, osapereka chizindikiro chilichonse. Mu Disembala 2023, zitamveka kuti zipangizo zina zinalephera anthu ali pangozi, makampani akuluakulu anasainirana ndi boma kuti sasintha munthu wogwiritsa ntchito kabataniko asanatsimikize kuti kagwira. Koma kampani ya foni siingadziwe kuti m'nyumba muno muli kabatani ngati palibe amene waiuza. Inu amene mumawasambitsa agogowo m'mawa uliwonse ndi amene mumakaona. Nenani kwa ana awo, nenani kwa amene anakulembani ntchito, ndipo khonsolo kapena kampani imene inapereka kabataniko iuzidwe tsiku losintha lisanafike. Chimodzimodzinso alamu ya akuba ndi foni ya m'chikepe, ngati zilipo. Alamu zambiri zinalumikizidwa mwachindunji kumbuyo kwa soketi, ndipo mukalekanitsa mawaya zimasiya kuimba mwakachetechete.

Ndinenenso mosabisa kwa inu ogwira ntchito m'nyumba za anthu: musatsegule soketi ya bwana kapena ya agogo amene mukuwasamalira, ngakhale mutadziwa bwanji zamagetsi. Mawayawo ndi a eni ake, ndipo chinthu chikalakwika mlandu udzagwera inu. Ntchito yanu ndi kuona ndi kunena. Auzeni a pabanjapo kuti masoketi a pamwamba akhoza kudzukanso, kuti mmisiri wa matelefoni amaichita ntchitoyi m'kanthawi kochepa, ndiponso zimene ayenera kumufunsa: ngati walekanitsa nyumba ndi kunja, ngati wawerenga REN, ngati foni ya kuchipinda ikulira. Amene muli m'nyumba zanuzanu, chitani nokha ngati manja anu anazolowera, adaputa itazimitsidwa, chifukwa magetsi a belu amaluma ndithu wina akaimba inu mutagwira waya.

Zonse zikalumikizidwa, patsala tintchito titatu. Onetsetsani kuti kampani ya foniyo ili ndi adiresi yolondola ya nyumbayo, chifukwa ndi imene a 999 amaona munthu akalephera kulankhula, ndipo adaputa mukasamuka nayo siidziwa kuti yasamuka. Yang'anani manambala amene anasungidwa m'foni ya agogo, a dokotala, a mwana wawo, a neba. Makampani ambiri tsopano amafuna nambala yonse pamodzi ndi khodi ya dera, ngakhale mukuimbira khomo loyandikana nalo, ndiye osungidwa mwachidule aja alembedwenso. Pomaliza, sankhani masana ena pamene a pabanja alipo, muwadziwitse oyang'anira kabatani kuti mukuyesa, muzimitse magetsi a rauta kukhoma kuti batire ligwire lokha. Kwerani pamwamba, munyamule foni ya pambali pa bedi, muimbe. Kenako agogo adine kabatani kawo ali kubafa, chitseko chitatsekedwa, mudikire mpaka mawu a munthu ayankhe.